Ndimalize Kaye Mlatho

4 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Landirani moni wodzaza lole, mugawane ndi onse a pakhomo, koma waukulu mutenge ndinu. Ine kuno ndili gwa, thupi likuchita kunyezimira. Kaya inu, kaya ana, kaya amayi ndi miyendo yawo, kaya bambo ndi chifuwa chawo chija.

Khalani pansi musanapitirize kuwerenga, mungagwe. Mwamuna wanu walowa m'kanema.

Zinayamba chonchi. Lolemba ndikutsitsa simenti pa sitolo ya zomangira paja ndimagwira, kunabwera anthu odzagula matabwa. Pakati pawo panali mayi wina wamfupi, magalasi ali pamphumi, ndipo anaima n'kumandiyang'ana osaphethira. Ndinati chamumtima, mayi pepani, ndili naye wanga kwathu, ndipo ngwolusa. Koma iye sankafuna ine, ankafuna ndevu zanga. Ndevu zomwe zija munkati zikunga tsache lotha ntchito! Akuti akufuna amuna a ndevu ndi mapewa, oti azioneka ngati anthu akale omanga mlatho.

Kanemayo ngwochokera m'buku lakalekale, lonenepa loti mutha kukhalira ngati mpando. Pa nyumba yomwe ndikuchita lendi pali mkulu wina timamutcha Aphunzitsi, poti kwawo ankaphunzitsa, kuno amalondera pa geti la fakitale. Iwo bukulo analiwerenga mpaka linathothoka chikuto. Akuti kenako anthu analisandutsa sewero la nyimbo la pa nsanja, ndiye tsopano akulisandutsa kanema. Nkhani yake sindinaifunse. Kunyamula mtengo sikulira nkhani.

Ndatumiza kangachepe ndi adalaivala a basi ya Loweruka. Yambani ndi mankhwala a bambo, a m'botolo aja, otsalawo mugulire mwana wamkulu nsapato za kusukulu. Mugule zokulirapo, mwanayo phazi anatengera ine. Chitseko cha kumbuyo musamuitanenso kalipentala uja, ndi wakuba, ndidzakonza ndekha.

Tchuthi changa chili kumapeto kwa Malichi. Muwauze bambo kuti Pakamwa wawo akubwera, paja ndi mmene amanditchulira, ndipo ulendo uno zomwe adzanene n'zoona zokhazokha.

Ndine mwamuna wanu,
amene posachedwapa muzidzamupempha kaye chilolezo musanamupatse moni.


3 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni, moni. Kalata yanu ndalandira ndipo ndaiwerenga mpaka Aphunzitsi andiuza kuti ndiitha inki. Ine ndili bwino, phewa lokha likunyenyera pang'ono, si nkhani. Mwati bambo akukana kudya. Asiyeni, munthu uja ndi mwala, akungofuna kuti muziwanyengerera.

Imvani za kuntchito yanga yatsopano. Amatitenga m'mawa pa basi, amuna ochuluka ngati nyerere, n'kutiveka sanza. Inde, sanza! Amagula malaya atsopano, n'kulemba ntchito munthu woti aziwang'amba ndi kuwapaka matope. Ndinamuuza kuti achimwene, mukanandifunsa ndikanakubweretserani a kwathu ong'ambika kale.

Ine gawo langa ndi kunyamula chimtengo cha mlatho. Mukachiona mukhoza kulira, chachitali ngati basi. Koma ndi katoni yopaka utoto, mzime wathu akhoza kuchinyamula ndi dzanja limodzi kwinaku akudya chinthu. Ndiye pali mkulu wina wa chimkuzamawu amakuwa kuti, "Iwe wa ndevu, chilemeredwe! Pinda msana!" Taonani, moyo wanga wonse ndanyamula simenti yeniyeni popanda wondiwombera m'manja, lero ndanyamula katoni akuti ndine katswiri.

Kuimba timaimbanso, koma mawu osatulutsa. Nyimbo imalira m'makina, ife timangoyasamula ngati nsomba. Kanemayu aliyense amaimba. Wokwiya amaimba, wanjala amaimba, wina ndinamuona akufa koma anayamba waimba kaye mpaka ine miyendo inachita dzanzi.

Tsono pali lamulo lalikulu. Mayi wa magalasi uja amandijambula m'mawa uliwonse, kutsogolo ndi m'mbali, kuti ndevu za lero zifanane ndi za dzulo. Kumeta n'koletsedwa, kunenepa n'koletsedwa, kuonda n'koletsedwa. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chimodzi amachijambula zidutswazidutswa. Chidutswa choyamba tajambula kale: ine ndikutulukira kumanzere ndi chimtengo changa, kumbuyo kwenikweni kwa mwini kanema, amene akusewera ngati mmisiri wamkulu wa mlathowo. Chidutswa chachiwiri, pomwe ndidzadutse n'kukatsitsa mtengowo, akuti tidzajambula akamaliza kukonza mtsinje. Mtsinjenso ngwopanga, mayi, amaudzaza ndi mapaipi.

Ndiye za kumapeto kwa Malichi zija zikhoza kusunthako pang'ono. Pang'ono pokha. Muwauze bambo bwinobwino, muyambe ndi nkhani ya katoni kuti aseke kaye.

Ku sitolo ya zomangira abwana akuchita nkhope chifukwa cha masiku omwe ndimajomba. Nsanje basi. Izo tidzakambirana tsiku lina.

Sopo kuno wakwera moti ndikuganiza zomasamba mbali imodzi lero, ina mawa. Ndatumiza zochepa, musadandaule, za kanema amalipira pamapeto.

Wanu yemwe uja,
wa ndevu za pa ntchito.


12 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndilipo. Ndamva zonse zomwe mwalemba, ndipo adalaivala andiuzanso ndi pakamwa kuti bambo agonekedwa kuchipatala, inu ndi amayi mukusinthana pogona pansi pambali pa bedi. Mulungu akudalitseni, mkazi wanga, ine ndinakwatira bwino.

Koma mawu aja mwalemba ndi zilembo zikuluzikulu akuti BWERANI, ndimati tikambirane. Mtsinje anamaliza, koma mwini kanema anadwala pakhosi, ndiye takhala tikudikira. Tsopano wachira. Atiuza motsimikiza kuti Lachisanu likubwerali tijambula chidutswa chotsala chija. Loweruka ndikwera basi. Tikiti ndagula kale, ili m'thumba la jekete, ndikuigwira pano.

Taganizani nokha. Ndikachoka lero, anthu a dziko lonse adzaona chimtengo chikutulukira kumanzere ndi mwamuna wa ndevu, kenako chikufika kumanja ndi munthu wina, mwina wopanda ndi kadevu komwe. Kanema yense waonongeka. Ndinamufunsa mayi wa magalasi uja kuti kodi nditachokapo masiku ochepa zingatheke? Iye anati, "Zili kwa inu, bambo, tikhoza kupeza wina." Mwamva? Amanena choncho pofuna kundiyesa mtima. Wina amupeza kuti wa mapewa ngati awa?

Ndipo bambo ndimawadziwa ine. Munthu amene anagundidwa ndi njinga yamoto n'kudzuka kukafunsa ngati njingayo yavulala, chifuwa sichingamuthe m'masiku asanu. Uthenga wawo uja wandiseketsa, woti, "Muuzeni Pakamwa abwere ndidzazione ndevu zodya malipirozo ndisanatseke maso." Kutseka maso kwake kuti? Amatero chaka chilichonse kukazizira. Muwauze kuti ndawagulira bulangete lolemera, la mizere yofiira, loti akafunda adzatuluka thukuta ngati ali pa dzuwa.

Mukamayankha kalatayi musatumizenso ku sitolo ya zomangira, muzingopatsira adalaivala. Kumeneko ndinayamba ndapumulako. Ndasamukiranso m'kachipinda kakang'ono ka kuseri, n'kabwino, kali ndi mphepo yambiri.

Loweruka, mayi. Mukonze madzi osamba.

Mwamuna wanu.


2 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Ine ndili moyo.

Adalaivala akuuzani kale, koma ndinene ndekha. Loweruka lija ndinafika pa depoti m'mamawa, chikwama kudzanja, bulangete pamutu. Nditawaona ndinayamba kukuwa ndili patali kuti, "Tsegulani chitseko, katswiri wafika!" Iwo anangovula chipewa. Anati alandira uthenga woti bambo anatisiya Lachisanu masana, ndipo pomwe basi izikafika n'kuti ataikidwa kale.

Anandiuza kuti ndikwerebe. Anandigwira mkono mpaka pa sitepe. Miyendo inakana. Ndinaima pomwepo mpaka basi inatuluka pa geti, bulangete lokha ndi limene linakwera. Muwapatse amayi, ngati angalilandire.

Zikomo chifukwa cha zonse munasenza, zomwe zinali zanga. Ndamva kuti achimwene anu ndi amene anathamanga za bokosi. Muwathokoze, ine pakamwa pauma.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Sindingafike pamaso pa amayi manja ali lende. Kanema akatuluka ndidzabwera, kuti pakhale chinthu choloza, choti aone kuti sindinkasewera. Ndipirireni.

Ana muwauze kuti ababa awo ali bwino.

Ine.


20 Novembala

Mayi a ana anga,

Moni wa mafuta, wothira ndi shuga yemwe. Ine ndili bwino, ndanenepa moti mpando wa m'chipinda wapempha tchuthi. Kaya inu ndi ana? Amayi bwanji? Makalata atatu ndawalembera osayankha. Mwina maso avuta, muziwawerengera.

Ntchito ndinapeza, ndikutsuka magalimoto pafupi ndi msika. Galimoto ikadutsa m'manja mwanga mwini wake amailambalala, osaizindikira. Manja okha akusuwa ndi sopo, koma ndi manja a munthu wotchuka, apirira. Ndatumiza ya fizi ndi ya malata awiri a pamwamba pa chipinda cha ana, mvula isanakule. Mwana wamkulu mwati akuyankha mwano. Mumuuze kuti ndikabwera tidzaonana, koma musamuuze mwaukali.

Nkhani ndi iyi: zithunzi za kanema wathu azimata mumsewu monse! Nkhope ya mwini kanema ndi yaikulu ngati khoma la nyumba yathu. Ine sindikuonekapo, koma kumbuyo kwake kuli kamthunzi kena komwe ndikukakayikira kwambiri.

Pakhomo pano nkhondo yayamba kanema asanatuluke n'komwe. Mwini nyumba, amene timawatcha Mayi Lendi, kale ankasesa mu holo momwe munkachitikira sewero la nyimbo lija, ndiye nyimbo zonse amazidziwa pamtima, amaimba akuchapa mpaka agalu a oyandikana nawo amalowa m'nyumba. Dzulo amakangana ndi Aphunzitsi pa mpopi.

Aphunzitsi amati, "Mayi, buku lija ndi la misozi. Munthu wanzeru analemba atakhala phee. Inu munalitenga n'kuliveka zovina."

Mayi Lendi amati, "Buku lanulo analimaliza ndani? Anthu amagona pa tsamba lachitatu. Ife tinkaliritsa holo yonse, ine ndinkasesa mipango yonyowa yokhayokha."

"Kulira si umboni, anyezi amaliritsanso."

"Lendi ya mwezi uno mwalipira, bambo anyezi?"

Mkangano unathera pomwepo.

Koma chodabwitsa n'chakuti nditawauza kuti ndidzawagulira matikiti tikaonere limodzi, palibe anasangalala. Aphunzitsi anayamba kupukuta magalasi, n'kunena kuti, "Achimwene, kodi nkhani ya bukuli munaifunsapo?" Ndinati ayi, ndikaionera konko. Mayi Lendi anati mwina ndiyambe ndadikira, akaone okha kaye. Mwaiona nsanje? Anthu osagwirizana pa chilichonse, agwirizana pa kundibisira ulemerero wanga. Ndawauza kuti tipita, olo ndiwanyamule paphewa onse awiri.

Akuti kanemayo atuluka chaka chikangoyamba. Konzekani kukhala mkazi wa munthu.

Wanu,
katswiri wotsuka ndi wosewera.


9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Moni kwa nonse. Ine thupi lili bwino.

Kanema tinakaonera Lamulungu masana, nthawi yomwe matikiti amatsikako mtengo. Ndinavala jekete. Mayi Lendi anavala ngati akupita kukalandira mphoto, Aphunzitsi anatenga buku lawo kukhwapa, kaya ankafuna kukawerengera ndani mumdima muja.

Ndiyambe ndi chomwe mukufuna kumva. Ndilimo. Sanandidule ayi. Ndikuoneka bwinobwino, nkhope yonse, ndevu iliyonse payokha, wamkulu kuposa chitseko cha tchalitchi. Mayi Lendi anakuwa kuti, "Uyo! Uyo wa kwathu!" mpaka wa tochi anabwera kudzatiletsa. Zonse zomwe ndinkakuuzani zinali zoona. Kwa nthawi yoyamba.

Tsono nkhani yake ndi iyi. Mmisiri uja akumanga mlatho pa mtsinje waukulu. Amayi ake amakhala kutsidya, ndipo akudwala. Pali mnyamata wina wopalasa bwato, amabwera n'kumuuza kuti, lowa ndikuwolotse, amayi ako akukuitana. Iye amakana, poti analumbira pamaso pa anthu kuti adzawoloka ndi mapazi pa mlatho wake, osati pa bwato la munthu. Ndiye amaimba kuti ndimalize kaye, ndimalize kaye. Nyimbo yomwe ija ndinkayasamulira ine osamva mawu ake, poti makina ankalira kutali ndipo ine maganizo anali pa kupinda msana.

Wabwato uja atabwera komaliza, chipewa chili m'manja, kumuchonderera, m'pamene ndikudutsa ine kumbuyo. Chidutswa cha Lachisanu lija. Ndikutsitsa chimtengo, ndikuwongoka, ndipo ndikuseka, mayi. Mano onse panja. Palibe anandiuza kuti ndiseke, koma anazisiya momwemo.

Kumbuyo kwathu kunakhala mayi wina wa mawu aakulu. Anakuwa kuti, "Kwera bwato, chitsiru iwe! Mlatho uthawa?" Holo yonse inafa ndi phwete. Mayi Lendi sanaseke. Anangoika dzanja pa bondo langa, osandiyang'ana, mpaka chithunzi chinasintha n'kuonetsa kutsidya, anthu akutuluka m'nyumba ya amayi a mmisiri uja atazolika.

Zotsatira zake sindinazione bwino. Mu holo muja munali utsi kapena fumbi, kaya.

Potuluka anthu ankangolongolola. Ena amati nyimbo zachuluka, munthu sangapemphe madzi osaimba. Atsikana ena amati abweranso mawa kudzalira bwino. Anzanga awiriwa anayamba mkangano wawo tisanafike ndi pa msewu pomwe. Aphunzitsi amati adula theka la buku, wabwato wa m'buku ndi nkhalamba ya diso limodzi, osati mnyamata wodzola mafuta uja. Mayi Lendi amati mwini kanema mawu ake ndi a mbuzi yomangidwa, wa pa nsanja uja akaimba mipando inkanjenjemera. Ankalankhula mokweza, mopikisana, osapuma. Ndinazindikira kuti akuchitira dala, kuti ine ndisafunike kunena kanthu.

Tili pa siteji ya basi ndinafunsa chinthu chimodzi. M'kanemamu mmisiri uja pamapeto amawoloka mlatho wake anthu akuimba. Ndinati, "Aphunzitsi, nanga m'bukumo anawoloka?"

Anati, "Ayi. M'buku anaumaliza, anthu onse ankadutsapo, koma iye sanapondepo phazi mpaka kufa. Ankachita manyazi ndi a kutsidya."

Mayi Lendi anati, "Ndiye wa m'bukuyo ndi chitsiru kawiri." Ananena akuyang'ana ine.



Mwati kanemayu afikanso ku holo ya kufupi ndi kwathuko, ndipo ana akuvuta kuti akaone ababa awo. Mupite nawo, ndatumiza ya matikiti. Koma amayi musawatenge. Muwauze kuti mipando yake ndi yoipa, kapena kuti anandidula. Chonde.

Mwamuna wanu.


14 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndasangalala kumva kuti chimfine cha mzime chatha.

Kalata yanu ndaiwerenga nditakhala pa ndowa kuntchito, galimoto ya munthu inauma ndi sopo. Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa kuti amayi akamanga mpango n'kunena kuti ndikupita, palibe angawaimitse, ngakhale bambo ankalephera.

Mwati ana anaimirira pa mipando pondiona, ndipo mwana wamkulu wauza sukulu yonse. Mwati amayi anaonera kanemayo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, sanalire, sanatukwane mmisiri uja ngati anthu ena. Ndipo pofika kunyumba anakhala pa mpando wa bambo n'kukuuzani kuti mundilembere funso limodzi lokha: "Mumufunse, ankaseka chiyani?"

Ndayesa kupeka yankho labwino masiku onsewa. Mukundidziwa, mabodza sandisowa. Koma ili lakana.

Ndinkaseka chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangotsitsa mtengo uja ndamaliza, mawa ndikwera basi. Ndipo m'mutu ndinali nditakonza kale chowauza bambo ndikalowa m'chipatala muja. Ndinkati ndidzawauza kuti mwini kanema anandigwadira kuti ndimuphunzitse kuimba. Ndinkawaona akutembenuka pa bedi, akuloza ndi chala, akuti, "Amake, tamumvani Pakamwa, wayambapo." Mawu awo ndinkawamva bwinobwino, ndiye ndinaseka. Linali Lachisanu masana.

Koma izi musawawerengere. Funso anafunsa ndi amayi, yankho likufunika pakamwa, ndipo pakamwa ndili napo.

Kuntchito ndatsanzika. Mayi Lendi akuti chipinda andisungira mwezi umodzi, ukadutsa aikamo munthu wina, ndipo akuti akupemphera kuti aikemo munthu wina. Sindikubweretsa kanthu, mayi, za kanema zija zinathera m'lendi. Ana muwauziretu asayembekezere zikwama.

Ndifika Lolemba chakumasana. Musatume ana ku depoti. Inu nokha mudzandichingamire, mudzandiperekeze mpaka pakhomo pa amayi, chifukwa miyendo iyi sindikuikhulupirira. Ikadzaima panjira, mudzandikankhe.

Ndine mwamuna wanu.